Chikho Chanu Chija

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Chiosya dzuwa la Okutobala likuwotcha monga mukulidziwira.

Ndiyambe ndi zabwino. Esinati, mkazi wa achimwene, anachira mu Ogasiti. Mwana ndi wamkazi ndipo watenga mphuno yanu, tsoka lake. Mtedza munabzala uja tinakumba popanda inu. Unabereka kwambiri, ngati sunamve za maliro. Mjigo unathyoka kawiri, komiti inakumana kasanu.

Koma ndalemba chifukwa cha abambo. Masabata awiri apitawo anagwa m'munda akupanga mizere. Foni inandipeza kuntchito ku Boma, ndipo ndinakawapeza kuchipatala milomo itang'ambika. Adokotala anati impso zayamba kutopa chifukwa thupi lauma. Atawafunsa kuti amamwa madzi ochuluka bwanji pa tsiku, abambo anati, "Ndimamwa tiyi." Adokotala sanaseke. Anati munthu wamkulu azimwa pafupifupi malita awiri, kuposa apo ngati akulima padzuwa, ndipo mkodzo ukafanana ndi tiyi wawoyo adziwe kuti zinthu sizili bwino.

Ine, monga munthu wa Folomu 4, ndinagula botolo n'kulilemba mizere: apa m'mawa, apa masana, apa madzulo. Nditabwerako Loweruka ndinalipeza lili pawindo, madzi ali pomwe ndinawasiya.

Ndinakhala pakhonde n'kudzifunsa kuti ndinawamvapo liti abambo akupempha madzi. Sindinawamvepo. Zaka zonsezi ankangotula khasu, inu n'kutulukira ndi chikho, n'kugwada. Munkati, "Waludzu safunsidwa, amangopatsidwa." Ife tinkayesa ndi ulemu chabe. Sitinadziwe kuti malita a adokotala aja munkawapimira ndinu, inu amene simunalowepo m'kalasi.

Pano amawaphikira ndi Esinati, ndipo amaphika bwino. Koma ndi mpongozi wawo. Amaika chakudya ndi kapu imodzi ya madzi, n'kuchoka maso ali pansi. Abambo sangamuitane kuti awonjezere, ndipo mtsuko unali m'khitchini mwake, momwe iwo sangaponde. Miyezi isanu ndi iwiri, Amayi, munthu akuuma ndi ulemu pakati pa anthu omukonda. Ndafunafuna woti ndimukalipire, sindikumupeza.

Chikho chanu ndinachipeza m'dengu la katundu wanu amene mpaka lero tikulephera kugawana. Mtsuko wanu ndinautsuka n'kuuika pakhonde pa abambo. Atachokera kumunda, kumene adokotala anawaletsa kupita, ndinatunga n'kugwada.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Ichi wachitenga kuti?"

Sanadikire yankho. Anamwa onse, n'kundibwezera chikhocho osandiyang'ana. Ndinatunganso, anamwanso. Kachitatu anasuzumira m'katimo n'kuti, "Amayi ako ankadzaza mpaka pakamwa." Kenako anapukuta m'maso n'kudandaula kuti thukuta lachuluka chaka chino.

Ndapempha tchuthi kuntchito mpaka mvula igwe. Za kutsogolo sindikudziwa, ndipo impso zawo sizinandilonjeze kanthu. Maondo anga sanazolowere ngati anu, dzanja langa limatayako madzi panjira. Koma musawakonzere malo msanga kumeneko, tikuwafunabe kuno. Ndikulonjeza kuti tsiku lililonse akatula khasu adzapeza munthu atagwada, chikho chitadzaza mpaka pakamwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tereza