Mpweya Woyambira wa Bambo Zefaniya Thanthwe

Kwa Mayi Rabeka Thanthwe, ana ndi adzukulu, abale a ku Chinengundu ndi ku Eiffel Flats, ndi onse okonda nyimbo m'Kadoma ndi m'Chegutu,

Ife a Bungwe la Oimba za Nsambo la Kadoma ndi Chegutu tadzidzimuka, ndipo mitima yathu yasweka, pomva kuti Bambo Zefaniya Thanthwe, amene anayambitsa gulu la Mauta Anayi naliimbira vayolini woyamba kwa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, anatisiya Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, ali ndi zaka 74. Tinkadziwa kuti chifuwa chawavuta, koma munthu amene sanajombepo ngakhale Loweruka limodzi lokonzekera nyimbo tinafika pomuyesa wosatha.

Gululi linabadwa mu 1979 m'komboni ya mgodi ku Eiffel Flats, pamene injiniya wina wobwerera kwawo anasiya zoimbira za nsambo zokwecha ndi uta, mavayolini awiri, viyola ndi chelo chachikulu, m'manja mwa Bambo Thanthwe ndi anzawo atatu ogwira nawo ntchito, ana a anthu ochokera ku Malawi, amene iye ankawaphunzitsa Lamlungu masana. Anzawo anawaseka kuti manja a fosholo sangagwire uta. Bambo Thanthwe sanakangane ndi munthu. Anangopitiriza kukwecha nsambo mpaka oseka aja anayamba kubwera ndi mipando yawo. Kuchokera pamenepo Mauta Anayi anaimba nyimbo zakale za ku Ulaya ndi nyimbo zathu za m'tchalitchi m'maholo, m'masukulu ndi pamaukwati, anafika ku Harare ndi ku Bulawayo, ndipo anaphunzitsa anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. M'zaka zija nsambo zitasowa m'masitolo, Bambo Thanthwe anamangirira waya wa mabuleki a njinga pa vayolini wawo, natola utomoni wa paini wopaka pa uta, ndipo chelo chinkakhala pampando wakewake m'kombi ya ku Chegutu, makondakitala akuchipatsa moni ngati gogo.

Gulu la anthu anayi lilibe woimbitsa kutsogolo. Limayamba pamene wa vayolini woyamba wakoka mpweya, ndipo kutalika kwa mpweyawo ndiko kumauza enawo liwiro la nyimbo. Mpweya wa Bambo Thanthwe unkamveka mpaka pa benchi yomaliza, ndipo tisabise, unkaseketsa ana. Fumbi la mumgodi litayamba kuwafupikitsa mpweya, nyimbo nazo zinayamba kuthamanga, mpaka Bambo Yobu Enesi, mnzawo wa viyola kuyambira pachiyambi, anadandaula kuti, “Achimwene, nyimbo ya maliro mwaisandutsa ya ukwati!” Iwo anayankha kuti, “Ndiye fulumirani, Yobu, madala ife nthawi yatithera.” Tinaseka tonse, osadziwa kuti akunena zoona.

Mayi Thanthwe, mutilole tiuze anthu zimene munachita. Bambo Yobu, Mayi Lonjezo a chelo ndi Tinevimbo wa vayolini wachiwiri anali atagwirizana kuti aimbe komaliza pakhomo panu Lachinayi masana, kenako atseke mabokosi a zoimbira, gulu lithere pomwepo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, mpando wachinayi uli wopanda munthu, nakweza mauta. Palibe anayamba. Aliyense ankadikira mpweya umene anaumvera kwa zaka zambiri. Tinevimbo anatsitsa uta, misozi ili mbwe, nati kwa inu m'Chishona, “Handigoni, gogo,” kutanthauza kuti sangathe.

Pamenepo inu munadzuka pamphasa ya anamfedwa, nimukhala pampando wa amuna anu, nimunena kuti, “Zaka zonsezi ndakhala ndikumva munthu ameneyu akufwenthera ndili kukhitchini ndikuphika sadza. Mukuyesa sindiudziwa? Kwezani mauta.” Munakoka mpweya wautali, uja wa masiku a unyamata wawo chifuwa chisanawavute, ndipo atatuwo analowa pamodzi. Nyimbo inayenda mwapang'onopang'ono, monga mmene tinali tisanaimvere kwa zaka khumi, ndipo amuna akuluakulu analira osabisa nkhope.

Chifukwa cha inu, tikulengeza kuti Mauta Anayi sakutha. Tinevimbo akhala pa mpando woyamba, wachiwiri tiupereka kwa mmodzi wa ophunzira a malemuwa, ndipo Bambo Yobu, amene analumbira kuti sadzagwiranso viyola, apempha kale kuti kukonzekera kukhalepo Loweruka la sabata la mawa.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lathu, tikupepesa kwa inu Mayi, kwa ana ndi adzukulu, ndi kwa onse amene anaphunzira kugwira uta m'manja mwa bambo ameneyu. Tinkawakonda, ndipo tiwasowa kwambiri. Mulungu akulimbitseni mtima m'masiku ano ndi m'masiku a chete amene akubwera alendo akadzabalalika. Mwambo woika thupi lawo m'manda uchitika mawa Loweruka ku Chegutu, ndipo gulu lawo lidzaimba. Tikupempha onse odzafika kuti mauta akadzakwezedwa akhale chete, pakuti Mayi Thanthwe avomera kutiyambitsanso.

Ine wanu m'chisoni,

Roselyn Filimoni
Wapampando, Bungwe la Oimba za Nsambo la Kadoma ndi Chegutu