Manambala Asanu ndi Limodzi Amene Simunatumize

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Amayi mwendo uja ukuwavutabe, koma akumatha kufika pakhonde okha. Ndalemba papepala dala, poti mwaonetsa kuti foni simuyankha ikakhala yanga.

Ndiyambe poyambirira, kuti mawa musadzati simunamve. Lolemba la sabata yatha m'mawa, ndikuunika zithunzi zimene katelesikopu kathu ka padenga la ofesi kanajambula, ndinaona kadontho kowala pamalo pomwe dzana lake panalibe kanthu. Ndinapukuta galasi la kompyuta ndi mkono wa juzi poganiza kuti ndi fumbi, koma sikanachoke. Inali nyenyezi ikuphulika, chinthu chomwe ndachisaka zaka zisanu ndi ziwiri.

Inu mukudziwa kuposa ine kuti katelesikopu kathu sikaona patali. Pankafunika kupempha telesikopu yaikulu ya kuphiri kuti iloze pomwepo kuwalako kusanazilale, masiku awiri kapena atatu basi. Mukudziwanso kuti akaunti ya gulu lathu yopemphera inali idakali m'dzina lanu, popeza munapita kuntchito yatsopano osaisintha, ngakhale ndinakukumbutsani kanayi konse. Ndinalemba mawu achinsinsi ndipo analola. Kenako makina anati atumiza manambala asanu ndi limodzi ku foni ya mwini akaunti. Foni yakeyo inali m'thumba mwanu.

Ndinaimba osayankhidwa. Ndinalemba uthenga, ndipo poti ndinu achimwene anga ndinaikamo zonse, chithunzi, nthawi, ndi malo enieni a nyenyeziyo. Munauwerenga, foni inandionetsa. Manambala aja amatha ntchito pakapita mphindi khumi. Ndinapempha ena, nawonso anatha ndikuyang'anitsitsa foni. Nditayesa kachitatu, mawu achinsinsi omwe aja anakanidwa. Mnzanga wa desiki loyandikana anapukusa mutu n'kunena kuti apa pali kanthu, ine n'kumakuikirani kumbuyo kuti mwina muli pamsonkhano, achimwene anga sangandichite chipongwe.

Lachitatu ndi pomwe munayankha, mawu atatu okha: "Pepa, ndinatanganidwa zedi."

Tsiku lomwelo chilengezo chinatuluka, chakuti gulu lanu latsopano lapeza nyenyezi yophulika. Malo ake anali omwe aja ndinakutumizirani, ndipo telesikopu yaikulu inali italoza kale pa pempho lanu. Dzina langa ndinalifunafuna mpaka m'munsi mwenimweni, momwe amathokoza ngakhale wokonza mawaya. Munalibe. Abwana anandiitana mu ofesi mwawo, osandipatsa ngakhale mpando, n'kundifunsa ngati ndayamba kupereka ntchito ya gulu kwa abale anga. Ndinaima pamenepo ngati wakuba, chonsecho woberedwa ndine.

Tsono mumve zimene ndachita, musachite kuzimvera kwa ena. Ndinalembera oyang'anira telesikopu ija, ndi kuwatumizira uthenga wanga ndi nthawi yake. Iwo amasunga kaundula wa aliyense wolowa. Anapeza kuti munalowa patangotha mphindi makumi awiri chiwerengereni uthengawo, n'kusintha mawu achinsinsi musanapereke pempho lanu. Ine kumatukwana makina, osadziwa kuti wanditsekera kunja ndi mwana wa amayi anga. Dzulo andiyankha kuti inu akuimitsani kulowa, kuti alembera akuluakulu a kuntchito kwanu, ndiponso kuti akaunti ya gulu tsopano ili m'dzina langa.

Ndisaname, kalata yopita kwa oyang'anirawo ndinakhala nayo tsiku lathunthu ndisanaitumize. Ndinkakumbukira kuti ndinu munkandinyamula paphewa kundilozera nthanda, ndinunso munandiphunzitsa kugwira telesikopu osaigwedeza. Komabe ndinaitumiza, ndipo musayembekezere kuti ndipepesa.

Amayi sakudziwa kanthu. Azakhali atawawerengera nkhani yoti mwapeza nyenyezi, amayi anadzuka n'kuvina ndi mwendo wodwala womwewo, kenako anandiyang'ana n'kuti, "Iwe uzitengera mlongo wako." Ndinangoti inde, ndikutsuka makapu. Ine sindiwauza, ntchito imeneyo ndi yanu, ndipo muichite kalata ya kuntchito kwanu isanamveke. Mukabwera mudzapeza chipinda chanu chosesa ndi madzi osamba otentha monga kale, chifukwa cha iwo. Koma musadzandifunse za ntchito yanga patebulo.

Pempho langa ndi limodzi. Zithunzi zimene telesikopu yaikulu inajambula munditumizire zonse sabata ino, osachotsapo.

Mundiperekere moni kwa alamu, iwo alibe mlandu ndi ine. Mwana wanu wamkazi uja anandipempha mapu a nyenyezi ulendo watha. Ndamujambulira ndi dzanja langa, ali mu envulopu momwemu. Mumupatse, ndipo mumuuze amene wajambula.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.