Kiyi wa magudumu anapita ndi Elenala

Aphungu,

Ine ndine bambo wachikulire ndithu, ndimakhala kufupi ndi doko la Kachulu kuno ku nyanja ya Chilwa. Vuto langa ndi lachitsulo, ndiye musandiseke kuti ndalibweretsa pa tsamba la anthu odandaula za chikondi.

Pochoka ku Joni, kumene ndinkayendetsa galimoto yoperekera buledi, ndinabwera ndi kapikapu ka Datsun. Kumeneko akuba amamasula magudumu, galimoto n'kuisiya itakhala pa njerwa, choncho ndinagula manati a loko, imodzi pa gudumu lililonse. Nati yotereyi ndi yobulungira, sipanala wamba siigwira. Imamasuka ndi kakiyi kake kokha, kachitsulo kotalika ngati chala chachikulu.

Kuno ndine mkamwini. Nditangofika, alamu anga a Saulos anayamba kusirira magudumuwo, amvekere, "Galimoto ikamapuma Lamulungu, tibwerekeni awiri tiike pa ngolo." Mkazi wanga Elenala ataona kuti ine mawu akuti ayi amandikanika, anatenga kakiyiko n'kukaika m'chikwama chake cha ku Mvano, pamodzi ndi buku la nyimbo. A Saulos akabwera ndinkangoti, "Alamu, funsani alongo anu." Elenala ankayankha ali pamtondo, osasiya n'kusinja komwe: "Achimwene, ng'ombe zanuzo zinapitako liti ku Joni?"

Elenala anatisiya mu Januwale, madzi atadzaza m'madambo. Amayi a Mvano atamuveka yunifolomu anaikanso chikwama chija m'bokosi. Sindikuwaimba mlandu, anachita zachikondi. Ine ndinali panja ndi azibambo, mutu usakugwira. Za kiyi ndinakumbukira mochedwa, tsiku limene gudumu lakumbuyo linaphwa galimoto ili pabwalo pano.

Mwezi wathawu akuchikazi anandisudzula. A Saulos analankhula bwino, anati, "Alamu, mlongo wathu munamusunga, tilibe nanu chifukwa. Tsopano ndinu mfulu, mukhoza kupita kwanu mukaone zina. Rhoda ndi wa mbumba yathu, atsala ndi mayi ake aakulu." Rhoda ndiye mwana yekhayo amene Mulungu anatipatsa, ali sitandade 4. Kwathu ndi ku Chiradzulu, koma ndinachokako ndili mnyamata. Makolo anatha, munda anagawana ana a alongo anga, ndipo ndikapitako kumaliro amanditulutsira mpando wa alendo.

Galimotoyo yaima pamalo opunthira mpunga, ndipo mpunga wayamba kucha. A Saulos akuti akangoyamba kudula, amanga ng'ombe aikokere kumsewu. Amayi ena kuchitsime akuti, "Elenala wakana, si uyo wagwira gudumu." Msodzi wina padoko anandinong'oneza kuti kumanda si kutali ndipo khasu ali nalo. Ndinangomuyang'ana mpaka anachoka yekha.

Ndayesa pulayala, imaterereka. Sabata yatha ndinapalasa njinga mpaka ku Songani, ndinaima pakhomo pa galaja, makaniko ndinamuona ali pansi pa lole. Ndinagula nthochi n'kubwerera.

Kuyambira pamene anandisudzula, anthu amandipatsa moni waulemu kwambiri, wonga wopatsa munthu amene akudikira basi. M'nyumba simukhalika, muli zii. Masana ndimakhala m'galimotomo. Rhoda akaweruka kusukulu amabwera ndi mbale kuchokera kwa mayi ake aakulu, amakhala mpando wa amayi ake n'kumalemba masamu atatsamiritsa kope pabondo. Sitilankhula zambiri.

Funso langa ndi limodzi, Aphungu. Kodi nati ya loko imamasuka bwanji popanda kiyi wake?

G.W.,
Kachulu, Zomba.

Bambo G.W.,

Pepani ndi maliro. Mayi Elenala sindinawaonepo, koma ndawakonda. Mayi amene anatha kuletsa achimwene awo popanda kusiya munsi ndi wosowa, ndipo mukulira munthu weniweni. Inu khadi la chipani, lija satilola kulowa mumsika tikapanda kulionetsa, mumayenda nalo m'thumba la malaya ngati tonsefe, kiyi munasiyira akazi. Sindikudabwa, poti pachipata cha msika palibe anakufunsanipo kiyi.

Tiyambe ndi chitsulo, popeza mwalumbira kuti vuto lanu ndi lachitsulo.

Galimoto ikhale pansi, jeke adikire kaye, ndipo magudumu enawo muwatsekereze ndi miyala. Manati atatu wamba a gudumu lophwalo muwalimbitse kwambiri, kuti ya loko ipepukidwe. Ithirireni palafini lero, ntchito mugwire mawa, chifukwa madzi a Chilwa ndi amchere ndipo dzimbiri la kwanuko lili ngati mlendo wa pamaliro amene sadziwa tsiku lotsanzika. Kenaka pezani bokosi sipanala yakale, yocheperako pang'ono kuposa natiyo, yoti ikawonongeka simuilira. Iikeni pamutu pa nati moongoka, muikhomere ndi hamala mpaka ilume. Lowetsani paipi yaitali pa chogwirira, mukankhire kumanzere pang'onopang'ono ndi thupi lonse. Musadumphirepo. Bawuti ikathyoka mudzakhala ndi maliro achiwiri.

Ikakana, ikani tchizulo m'mphepete mwa nati, mumenyere cha kumanzere. Ikakananso, itanani wowotcherera zitsulo amatepo nati wamba pamwamba pake, sipanala ipeze pogwira. Pamenepo chotsani batire, thanki ya petulo muiphimbe ndi chiguduli chonyowa, ana apite kutali. Mukatha limodzi, chotsani manati a loko onse anayi tsiku lomwelo, mugule manati wamba ku Zomba. Wakuba magudumu ku Kachulu angathawire nawo kuti, ku chilumba cha Chisi pa bwato?

Msodzi wa khasu uja musamupatsenso moni wautali. Amayi a kuchitsimewo asiyeni, pachitsime pamafunika nkhani yodikirira ndowa. Malemu sanagwire gudumu lanu. Lagwidwa ndi chitsulo chimene munagula nokha ku Joni.

Tsopano ndiloleni ndikufunseni langa. Munthu amene anayendetsa galimoto m'misewu ya ku Joni, n'kuibweretsa yekha mpaka ku Chilwa, zimene ndalembazi akuzimva koyamba? Munapalasa njinga kuchoka kunyanja mpaka ku Songani, mtunda woti mnyamata akafika amapempha madzi, makaniko munamuona ndi maso anu, n'kubwerako ndi nthochi. Bambo, ku Kachulu nthochi zinatha?

Simukuopa kuti natiyo ikana. Mukuopa kuti imasuka. Gudumu lophwalo ndi lokhalo likukulankhulirani pamudzipo, ndipo likunena zimene pakamwa panu pakukanika: "Sindikufuna kusiya mwana wanga." Kale wokunenerani ayi anali Elenala. Lero ntchitoyo mwaipatsa tayala, koma tayala silingakhale pabwalo ndi ankhoswe.

Kusudzula n'kumasula munthu, si kumupirikitsa. Alipo akamwini ambiri amene anasudzulidwa n'kukhalabe pafupi, chifukwa anatsegula pakamwa. A Saulos anakuuzani kuti mukhoza kupita. Kodi munawauzapo kuti simukufuna? Mwina iwo akuganiza kuti akukuchitirani chifundo, kuti mukufuna kukakwatira kwina koma manyazi akukugwirani. Kumbukiraninso kuti nawonso aika mlongo wawo, ndipo mpunga sudikira kuti anthu amalize kulira. Malo opunthirawo akuwafunadi.

Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, wa ku Chiradzulu mumutumizire uthenga, ngakhale akhale uja amakutulutsirani mpando. Mukakhala pansi musatchule nati ngakhale kamodzi. Nenani kuti mwambo mukuulemekeza, Rhoda ndi wa mbumba yawo, koma bambo ake ndinu ndipo mukupempha kukhala poti akaweruka kusukulu azikupezani. Akakupatsani kamalo kumapeto kwa mudzi, thokozani. Akakana, funani kachipinda padoko. Matemba ndi mlamba zimafuna galimoto yozifikitsa ku Zomba ndi ku Songani, ndipo wokhala padoko sali m'mudzi mwa munthu. Rhodayo mumuuze nokha zimene mukukonza. Mwana amene amakhala chete pa mpando wa amayi ake si kuti mutu wake uli pa masamu okha. Akudikira kumva ngati inunso mukupita.

Chenjezo langa ndi ili: musasinthanitse ntchito ziwirizi. Mukayamba ndi hamala, gudumu lidzazungulira musanalankhule, anthu adzakuthandizani kukweza katundu mwaulemu wonse, ndipo mudzapezeka muli ku Chiradzulu mukudabwa. Mukadikiranso mpaka a Saulos amange ng'ombe, mudzatuluka mokokedwa mudzi wonse ukuonerera, ndipo pambuyo pa zimenezo palibe nkhoswe angakonze. Mpunga wacha kale. Pitani kwa alamu anu sabata ino, manja ali oyera, opanda girisi.

Ndine wanu,
Phungu.