Munda Umene Nyanja Imausiya

Lolemba, 4 Ogasiti

Tafika. Msana wanga watsala m'basi. Bambo ulendo wonse duu, maso pawindo, manja pamaondo. Chipinda cha mabedi awiri, fani yolira ngati makina anga osokera akasowa mafuta, mchenga mpaka m'bafa. Fungo la mchere paliponse, ndi m'mapilo momwe.

Nzeru za achimwene izi. Ananditumizira zithunzi pafoni: mchenga woyera mbee, migwalangwa, alendo atagona chagada padzuwa. Akuti mpweya wa kunyanja yamchere umatsuka m'mutu, dzuwa lakuno limalimbitsa mafupa, munthu amaiwala mavuto ake onse. Eni nzeruwo atsala ku ofesi. Wotseka shopu ndine, madiresi a ukwati wa eni ake ndawasiya opanda manja.

Koma ndavomera ndekha. Ndatopa kuwaona Bambo akufota. Chimwalirireni Amayi, Bambo sayankhula, kudya mpaka kuwanyengerera ngati khanda. Malaya amamanga mopingasa, batani loyamba m'bowo lachiwiri. Mwana wawo telala! Ndikati ndikonze amandichotsa dzanja. Adokotala anati matenda palibe, mtima wokha ndi umene wagona. Ndikufuna kubwerera kwathu ndi bambo anga amoyo, basi.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

M'mawa nyanja kulibe! Ndinatsegula katani n'kukuwa. Dzulo madzi anali pafupi ndi mpanda, lero mchenga wokhawokha mpaka pamene maso alekezera. Mayi wokonza m'zipinda anandiseka mpaka kugwirira chitseko. "Inu akumtunda inu! Imapita, imabwera, tsiku lililonse." Manyazi ake. Kwathu madzi akaphwa ndiye chilala chimenecho, sabwerako masana.

Mchenga umene madzi ausiya uli ndi timizere, toyalana bwinobwino ngati wina wadutsamo ndi khasu. Bambo anaima pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana. Kenaka mawu, oyamba chichokereni kumanda: "Munda uwu walima ndani?" Kapu inandipulumuka. Ndinakalirira m'bafa kuti asandione.

Masana mpunga ndi nsomba. Adya theka la mbale, okha, osawagwirira supuni.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Masiku abwino, mpaka ndikuopa kulemba. Madzi akangochoka Bambo ulendo. Nsapato m'manja, thalauza lopinda m'maondo. Ine pansi pa mgwalangwa, kuwayang'ana akuchepa, akuchepa, mpaka kadontho. Kutali komweko amawerama, kuweramuka, kusuntha pang'ono, kuweramanso.

Pali mlonda wa kugombe, mkulu wowauka ndi dzuwa, wenzulo pakhosi. Ntchito yake kuliza wenzuloyo madzi akamabwerera. Wandipeza lero. "Achikulirewo asamapite patali, mayi. Kuno madzi sagogoda." Ndamuyankha kuti maso ndili nawo, mafunde ndikuwaona ali kutali uko, akayandikira ndiwaitana. Andiphunzitse kusamala bambo anga ndani? Anangopukusa mutu n'kumapita.

Abwerako ndi njala. Mbale yonse psiti, apemphanso tiyi. Andiyang'ana n'kunena kuti ndanenepa ngati azakhali anga. Ine kunenepa! Chipongwe chimenechi ndachilandira ndi manja awiri. Mwina achimwene sananame.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Mabatani.

Pochoka anali opingasa monga mwa masiku onse. Ndinaona ndi maso angawa, ndipo pa nkhani ya mabatani palibe angandinamize. Pobwera onse ali m'malo mwake, kolala yopindidwa bwino, ndi batani lapakhosi lomwe, lija amadana nalo kuti limawatsamwitsa. Munthu mmodzi yekha ndiye ankawamanga batani limenelo, uku akuwakalipira kuti asayende ngati chidakwa.

Ndinawafunsa ngati akumana ndi munthu kumeneko. Kumapezeka amayi otola nkhono. Anapukuta mapazi, osandiyang'ana. "Mayi ako akuti usiye kudula ulusi ndi mano." Kunena kwake ngati akunena za mvula.

Sizasi ndinaiwala kunyumba. Lero ndimasoka mpendero wa siketi yanga, ulusi ndinaduladi ndi mano. M'chipinda, chitseko chotseka, iwo ali kale kumchenga.

Ndawaimbira achimwene. "Akudya? Akuyankhula? Nanga vuto lili pati? Iwe umakonda kukuza nkhani." Foni thii.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndinawatsatira. Mchenga wonyowa, wozizira, timadzi toima m'mizere. Kumbuyo nyimbo za kuhotela zinayamba kuzilala mpaka zii, mphepo yokha. Tisanafike pakati anatembenuka. "Bwerera. Uponda mbewu." Nkhope ya Bambo akale, aja tinkawathawa tikaswa mbale. Miyendo inabwerera yokha.

Pobwerera ndinapeza amayi otola nkhono aja, zidebe pambali. Ndinapereka moni n'kufunsa ngati amaona munthu wina pafupi ndi achikulire anga. Anayang'anizana. Wamkulu pa onsewo anati: "Ife timayang'ana pansi, mwanawe." Anatola zidebe zawo n'kusunthira kwina.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Ndakhoma chitseko. Kiyi m'kamisolo.

Sanakalipe, bola akanakalipa. Anakhala pabedi, nsapato m'manja, nthawi yonse imene madzi anali kutali. Chakudya chabwera, chazizira, chabwerera. Maso aja abwereranso, aja a kunyumba, oyang'ana khoma ngati mulibe munthu m'kati. Panja anthu kuseka, ana kuthamangitsana, wina akuwotcha nsomba, wina akujambula mkazi wake. Tchuthi cha anzathu.

Ndinasuzumira pawindo. Kumalo kumene amakonda kuwerama kunali mbalame zoyera zambiri. Zinayamba kuuluka, osati zonse pamodzi ayi, koma motsatana, mzere umodzi wolunjika kuno, monga zimachitira munthu akamadutsa pakati pawo. Munthu panalibe. Mzerewo unafika pafupi ndi mpanda n'kuima. Ndinatseka katani.

Ndikuopa. Ndalemba, ndikuopa. Koma ndikawatsekera muno ndikuwapha ndi manja anga, pang'onopang'ono.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndatsegula. Tapangana kuti ndikaitana abwere. Anagwedeza mutu, anadya buledi yense, anandisisita pamutu potuluka. Chikhalire sanandisisitepo.

Madzi akumachedwa kuchoka tsiku ndi tsiku, tsopano ndi masana. Ndinaima pagombe osaphethira, maso pamafunde. Ndinaitana, anabwera, akuimba kanyimbo ka m'kamwa kamene sindikukadziwa.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Ndinaima pomwe paja. Mafunde anali kutali, kutsogolo kwa Bambo, mzere woyera ngati ulusi. Wenzulo inalira. Ndinati mumtima, mkuluyu wayambapo changu chake. Inaliranso, kenaka ndinamuona akuthamangira kubwato lake, akuloza pansi, osati kumafunde. Ndinatsitsa maso. Pakati pa ine ndi Bambo panali mtsinje. Unachokera kuti? Madzi anazungulira m'mbali, m'malo otsika, n'kudzaza kumbuyo kwawo mwakachetechete, popanda funde ngakhale limodzi. Ine maso kutsogolo ngati ndikudikira basi. Uchitsiru wanga!

Ndinalowa ndi zovala zomwe. M'maondo, m'chiuno, madzi akundikokera cham'mbali. Kukuwa konse kuja iwo osacheuka. Nditawapeza madzi anali atafika kale pamene anaima. Nkhope yawo phee. Dzanja lamanzere atatambasulira kumbali, zala zopinda, ngati munthu amene wina akumutsogolera.

Ndinagwira lamanja n'kukoka. Bambo ndi opepuka, ndimawanyamula ndekha akadwala. Koma dzulo sanasunthe. Ndikakoka, kwinako kukokanso. Ndinamva m'mikono mwangamu, kukoka kwa munthu, kopumira, kobwereza. Mantha anatha, unabwera mkwiyo. Ndinakuwa kuti "Asiyeni!" n'kukankha ndi mphamvu zanga zonse mbali imene kunalibe munthuyo. Pomwepo Bambo anandigwera pachifuwa. Mlonda anatikweza m'bwato, sanandiyang'ane n'komwe.

Tsopano agona, nkhope kukhoma. Kuyambira dzulo mawu awo ndi awa okha: "Wawakankha mayi ako. Agwera m'madzi."

Achimwene akuti ndibwere nawo Bambo mawa, mutu wawo wasokonekera ndi dzuwa, akawaonetsa kwa adokotala ena. Ndavomera zonse. Chimene sindinawauze, chimene sindinauze munthu aliyense: dzanja langa silinapite mumphepo. Linagunda phewa. Lofunda, laling'ono, fupa lili pamtunda, monga analili Amayi m'miyezi yawo yomaliza ndikamawasambitsa. Ndipo linagwa mosavuta.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Zikwama ndamanga. Basi ndi yamadzulo. Mayi wokonza m'zipinda wabwera kudzatsazika, akuti tidzabwerenso, alendo onse amabweranso.

Bambo adzuka okha, asamba, apesa tsitsi. Sakuoneka odwala, sakuoneka osokonezeka. Akhala pampando moyang'anana nane ngati kale ndikalakwa, manja pamaondo, kudikira kuti ndiyambe ndine. Nditalephera anayankhula, mofatsa, mopanda mkwiyo: "Sungakwere basi usanapepese. Sitinakulere choncho. Tiye."

Ndawauza kuti kulibe munthu kumeneko. Ndanena kawiri. Kachiwiriko ndanena ndikuyang'ana dzanja langa lija.

Madzi ayamba kuchoka, mizere yayamba kuoneka. Mlonda ali kutali, mbali ya kumabwato, watipatsa msana. Ndikudziwa tsopano mmene madzi amabwerera, sangandipusitsenso. Kungofika, kugwada, kunena mawu awiri, n'kubwerera nawo Bambo dzanja lili m'manja. Chibadwire sindinawakwezerepo Amayi dzanja. Ngati akadali pomwe paja, pansi, opanda wowadzutsa, ine n'kukwera basi?

Bambo aima pachitseko, chimene ndinakhomanso usiku. Akuti tifulumire, Amayi atidikira kokwanira. Kiyi ndatulutsa, koma ndangoti ndilembe kaye kuti—