Wandilipirira minibasi

Lachisanu, kumapeto kwa mwezi. Tsiku landiwawa.

Malipiro atuluka. Chikondi, kamtsikana kamene ndinakaphunzitsa ndekha kutayipa ku ofesi, amuwonjezeranso notchi pa malipiro ake chaka chino. Ine ayi. Akuti ndinafika kale pamwamba pa giredi yanga, ndiye lamulo silola kundiwonjezera mpaka atandikweza. Adzandikweza liti, imvi zili mbuu chonchi?

Pobwerera kuno ku Kawale takwera minibasi imodzi ndi Chikondiyo. Ndikuti ndipise m'chikwama, iye wandigwira dzanja. "Amayi, siyani, lero ndikulipirirani ine." Kondakitala naye n'kumati, "Mayi, munabereka bwino."

Ndaseka, ndathokoza, koma mumtima mukufuka moto. Mwanayo sanalakwe, ndikudziwa. Komabe Lolemba ndidikira ayambe wakwera, ine ndikwere yam'mbuyo.