Khovani Wayankhulitsa Bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Joniko. Ife kuno ku Mufakose tili bwino, ndipo mvula ikugwa mokwanira.

Mukudziwa kuti chidwalireni sitiroko, bambo anali asanatulutsepo mawu. Lachiwiri ndinawakhazika pampando panja, ine n'kumalambula m'mbali mwa mpanda. Aneba athu Achishona aja, Mayi Chipo, anasuzumira n'kuloza timaluwa tabuluu toyanga pansi.

"Gezi ameneyo musataye, mundipatse ndikadyetse nkhuku," anatero, akutchula timaluwato m'Chishona.

Ndinawatsutsa za dzinalo, kuti ife tili ana tinkati maluwa a inki, poti tinkapaka m'makope. Tili mkati mokangana ndi kuseka, ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Kho-va-ni."

Khasu linandipulumuka. "Mwati chiyani, bambo?"

"Khovani," anabwereza, nkhope atakwinya ngati tawalakwira. "Kwathu... ku Dedza."

Mayi Chipo analulutira, ine misozi ili mbwee.

Tsopano mawu akubwera amodziamodzi. Chonde mudzaimbe foni Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, chifukwa dzulo amayesa kutchula dzina lanu.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati