Kutsika M'denga

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku lonse m'denga la ofesi ya eni, kukoka mawaya a netiweki. Fumbi, kutentha, ndowe za makoswe. Chizungulire pamakwerero. Mimba miyezi inayi, zipi ya ovololo yayamba kukana. Kuntchito sindinauze munthu. M'denga sindikhalitsamo, ndikudziwa.

Abwana alengeza kuti kudesiki ya mapulogalamu kuli mpando umodzi. Woufuna alembe yekha kapulogalamu m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa C, uthenga uchoke pakompyuta ina ukafike pa inzake. Lachisanu la sabata yamawa. Ndakweza dzanja. A Ndevu, mkulu wa desikiyo, kuseka mpaka kutsokomola. Asekeretu.

Lachitatu, 5 Malichi

Alamu andibwereka laputopu yakale, batire yake yakufa. Lero ndamvetsa adilesi ndi poti! Adilesi ndi nyumba, poti ndi chitseko chake. Zaka zonsezi ndikupana mitu ya mawaya osadziwa chodutsa m'katimo. Kani ndi timapaketi, kalikonse ndi adilesi yake pamphumi. Kukoma kwake inu!

Loweruka, 8 Malichi

Soketi, njira yodutsira uthenga m'pulogalamu, yatseguka! Pasikirini, windo lina seva, pulogalamu yolandira uthenga, ikudikira, windo lina ine ndalemba "moni". Mpaka kutulukira mbali inayo. Ndakuwa, bambo akunyumba tiyi yense pathalauza. Akuti, "Phokoso lonseli chifukwa cha moni?" Sangamvetse, koma andiphikira.

Lachiwiri, 11 Malichi

Zandivuta. Nthawi yopuma ndayesa pa makompyuta awiri akuntchito. Zii. Ine mwachizolowezi kuthamangira waya: kudula, kupana mutu watsopano, kuyeza. Wabwinobwino. Kudulanso. Waya watsala kachidutswa, uthenga osadutsabe. A Ndevu podutsa: "Bwererani m'denga mayi, kwanu n'kumeneko." Ndakalirira kubafa. Masana m'denga momwemo, msana ngati wathyoka.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndaligwira vuto! Waya ndinkangoulakwira. Seva ndinaimangirira pa 127.0.0.1, adilesi imene kompyuta imadziyankhulira yokha. N'chifukwa chake kunyumba zinkatheka, zonse zinali pamakina amodzi. Wogogoda kuchokera kunja, seva inalibe naye ntchito. Mzere umodzi wokha, abale! Ndasintha kuti izimvera aliyense. Moni wadutsa chipinda chonse. Ndavina ndekhandekha pakati pa makatoni.

Ndayesa uthenga wautali, wafika theka. Kani umabwera m'zidutswa, uyenera kumalandirabe mpaka uthe. Ndakonzanso. Ndayesanso, wafika wonse.

Lachisanu, 14 Malichi

Ofesi yonse kumbuyo kwanga. Abwana alemba ndime yathunthu, yafika yonse, ngakhale kadontho osasowa. A Ndevu mwadala atseka mbali yotumiza uthenga uli pakati. Seva yanga osagwa, yangonena kuti mnzake wachoka, n'kudikira wina. A Ndevu kukanda ndevu zawozo. "Aaa, zatheka ndithu." Mawu amenewa ndiwasunga!

Mpando ndi wanga kuyambira Lolemba.

Anthu atabalalika, abwana anditengera pambali. "Mimbayo ndinaiona kalekale, mayi. Mukanalephera lero, pamakwerero sindikanakulolaninso, ndipo pena pokuikani ndinalibe."

Ndiye kuti masiku onsewa ndinali kunja kwa geti osadziwa.

Lolemba latalika. Ndapita ndi ovololo yanga yafumbiyo, ndakakhala pampandopo lero lomwe.